Tsiku Limene Laputopu Inakhala Chete

Mwana wanga wachiwili, wamkazi, analeka kuona ali ndi zaka zisanu ndi ziwili, atadwala matenda a m'mutu. Koma Mulungu sanamutaye. Anaphunzila mpaka kukoleji ya aziphunzitsi, ndipo m'chaka chomaliza anamutumiza kusukulu ina ku Nyimba kuti akayesele kuphunzitsa. Ahedi a kumeneko sanabise mawu pafoni. Anati adzamuona Lolemba m'kalasi, akakanika adzapempha wina.

Maphunzilo onse amene anakonza anali m'laputopu imene anthu a mpingo wathu anamugulila. Iye laputopu amaigwilitsa ntchito ndi makutu. M'katimo muli mawu a mzungu amene amamuwelengela zonse zolembedwa. Vuto linali lakuti laputopuyo inabwela ndi sisitemu yatsopano, ija yoyendetsa zonse m'kati, ndipo mawu amene anawazolowela kukoleji sanagwilizane nayo. Mawuwo ankachita chibwibwi, mwinanso n'kuima pakati pa chiganizo. Pamaso pa ana ndi ahedi sizikanatheka. Mwana wanga anati mankhwala ake ndi amodzi, kuchotsa yatsopanoyo n'kuikamo yakale.

Lachisanu tinachoka kwathu ku Kaumbwe n'kupita kwa wokonza makompyuta pamsika wa Petauke. Bamboyo ankayang'ana ine.

"Amai, muuzeni kuti anthu masiku ano akupita kutsogolo, osati kumbuyo."

"Bambo, makutu anga ndi abwinobwino, uzani ine," anatelo mwana wanga.

Bamboyo anaseka, n'kunena kuti tibwele Lachitatu. Mwana wanga anatseka laputopu yake. "Tiyeni amama, ndikachita ndekha."

Tinagona kwa mng'ono wanga pa Boma, ku Petauke komweko, chifukwa kuli malaiti. Loweluka m'mawa mwini nyumba anapita kumalilo, tinatsala awili. Mwana wanga anatulutsa fulashi, kachipangizo kosungila zinthu za m'kompyuta, imene mnzake wa kukoleji anamuikila sisitemu yakale, n'kundikhazika pafupi naye.

"Ndikangoyamba, mzungu wanga akhala chete mpaka kumapeto. Maso mukhala ndinu. Muziwelenga chilichonse, ngakhale chilembo chimodzichimodzi."

Ndinavomela. Sukulu ndinalekezela giledi seveni, koma zilembo ndimazidziwa. Chimene sindinamuuze n'chakuti kwa chaka chathunthu maso anga anali atayamba kukana zilembo zing'onozing'ono. Sindinauze munthu aliyense. M'nyumba mwathu amene amaona ndinali ine, ndipo ndinkaopa kuti mwanayo akadziwa adzayamba kudela nkhawa za ine m'malo mwa sukulu. Ndinangopemphela chamumtima kuti Ambuye, kwa lelo lokha, mundiyeletsele maso.

Poyamba zinayenda. Zilembo zinali zikuluzikulu, ine ndinkatchula, iye n'kumadina mabatani ngati akusankha nyemba. Mawu ena achizungu ndinkawapotoza, iye n'kumaseka.

"Amama, aphunzitsi anu a Chizungu akadali moyo? Ndikawadandaulile."

Kenaka panabwela tsamba lina la mizele, zilembo zake ngati nyelele. Ndinamufotokozela mmene likuonekela, ndipo kuseka kunatha.

"Apa ndiye pofunika. M'makina muno muli zipinda ziwili zazikulu. China ndi cha sisitemu, china ndi cha maphunzilo anga. Tifufuta cha sisitemu. Nambala yake imayamba ndi 1, changa chimayamba ndi 2. Tikafufuta changa, palibenso kwina kumene ndinasunga. Mzele wapamwamba ukuyamba ndi chiyani?"

Ndinasendela pafupi, ndinabwelela kumbuyo, ndinapukuta sikilini ndi chitenje. Nambala ija inali kachinthu kakuda kosamveka mutu. Mumtima ndinati chinthu choyamba chimakhala pamwamba, nanga 1 angakhale pansi?

"Amama?"

"Ndi 1," ndinatelo.

Anadina kawili, katatu, ndipo panatuluka kabokosi kofunsa. Anati kwatsala batani limodzi. Ndinaona chala chake chikukwela m'mwamba. Sindidziwa mmene dzanja langa linafikila, ndinangopeza ndamugwila pamkono mwamphamvu.

"Dikila. Ndanama. Sindikuona."

Chala chake chinaima m'malele.

"Simukuona chiyani?"

"Zing'onozing'onozi. Chiyambile chaka chatha."

Anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono n'kuliika pamwendo.

"N'chifukwa chake m'tchalitchi sindimvanso mukutembenuza masamba a buku la nyimbo. Ine ndinkati mwaloweza." Anatembenukila kwa ine. "Mukanandifufutila temu yonse chifukwa cha manyazi, amama. Kwa ine? Ine ndikanakusekani kuti simuona?"

Misozi inangotsika.

"Musalile, mukalila ndiye simuonelatu. Pafupi pano palibe wa magalasi?"

Ndinakumbukila amai ena osoka zovala kuseli kwa nyumbayo. Mwana wanga anandichenjeza kuti ndisagunde tebulo, ndipo ndinatuluka ngati ndikuchoka pamene pagona khanda. Amaiwo ndinawapeza pamakina, magalasi ali pamphuno, mwendo umodzi wa magalasiwo womanga ndi ulusi. Nditapempha anandiyang'ana chopenyela pamwamba pa magalasiwo.

"Mwakalamba liti, anzanga? Dzulodzuloli munkatisekatu ife." Anawavula n'kundipatsa. "Mubweze msanga, chovala cha ukwati chikundidikila."

Nditawavala, nyelele zija zinaima n'kukhala zilembo. Mwana wanga anatseka kabokosi kofunsa kaja, ndipo ndinayang'ana mzele wapamwamba. Unkayamba ndi 2.

Ndinamuuza mwana wanga. Iye anatsitsa mzele umodzi.

"Welengani nambala yonse. Kawili."

Ndinawelenga katatu. Ndinaika chala pasikilini kuti mzele usandithawe. Atakhutila anadina, ndipo chipinda cha sisitemu yatsopano chinapita.

Zotsala zinali kudikila. Kamzele kobiliwila kankakwawa, makina n'kumazima ndi kuyaka okha. Nthawi iliyonse akazima ndinkaopa kuti mwina taononga mphatso ya mpingo. Iye ankafunsa kuti pafika pati, ine n'kumatchula nambala. Sitinadye. Tiyi amene ndinapanga m'mawa anazizila m'makapu. Ndinkapemphela mosatulutsa mawu, ndipo ndinaona kuti nayenso milomo yake ikuyenda.

Dzuwa litapendeka, panaoneka chithunzi chatsopano. Anati sisitemu yakale yalowa, koma laputopu inali chikhalile chete. Panatsala kuikamo mawu aja kuchokela m'fulashi. Ndinawelenganso mabokosi ena asanu kapena asanu ndi limodzi, osalumpha ngakhale kadontho. Lomaliza litatsekeka tinadikila. Kunja nkhuku inkalila, makina osokela anali atalekeka chifukwa cha ine. M'nyumba munalibe phokoso lililonse.

Mwadzidzidzi mzungu uja analankhula, mawu ake osalala, othamanga ngati kale.

Mwana wanga sanasangalale msanga. Zala zinathamanga pamabatani mpaka m'chipinda chake chija. Mawuwo anayamba kutchula maphunzilo limodzilimodzi, masamu a giledi faifi, sayansi, zonse. Anatsegula loyamba n'kulimvetsela kuyambila pamwamba mpaka pansi, osadodoma paliponse. Atatha anapapasa n'kupeza nkhope yanga, n'kugwila magalasi aja.

"Kabwezeni a eni ake. Koma kuchipatala mupita, ndipo ndidzafunsa."

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinamukweza basi ya ku Nyimba, laputopu ataikumbatila pachifuwa. Lolemba ndinalowa m'munda wa mtedza foni ili m'chitenje, ndipo khasu silinkagwila bwino. Foniyo inalila masana.

"Amama, ana andifunsa kuti mzungu wa m'bokosiyu amadya chiyani."

"Nanga ahedi?"

"Anakhala kumbuyo mpaka belu. Ati mawa ndibwele ndi phunzilo lachiwili."

Ndinagwada pomwepo pakati pa mizele, ndipo ndinathokoza Ambuye foni isanaduke.