Veronika Ankati Amangolawa

Inu amene mwatopa ndipo mukuganiza kuti zanu zinatha kale, mvani za mayi wina wa kwa Mlonyeni ku Mchinji.

Chaka cha 1998, mvula itangoyamba, Veronika anagonekedwa m'chipatala cha pa boma la Mchinji. Mimba yake inali itatupa ngati ya mayi woyembekezera, maso ali achikasu, mapazi osalowanso mu silipasi. Kumudzi anthu anali atagawikana kale. Ena ankati ndi kachilombo, ena ankati walodzedwa, ndipo ena ankanong'onezana kuti mayi wamasiyeyu ali ndi pakati pa mwamuna wa mwini.

Dokotala atamupopa madzi m'mimba ndi kumuyeza magazi, anakoka mpando n'kukhala pafupi.

"Kachilombo mulibe, mayi. Chimene chawonongeka ndi chiwindi. Mowa munayamba liti?"

"Ine sindimwa mowa, adokotala. Ndimangotcheza kachasu wogulitsa."

"Simulawa?"

"Kulawa kokha ndimalawa. Nanga munthu angagule mowa umene mwini wake sanayambe?"

Veronika sankanama. Mwamuna wake Jonasi atamwalira pa ngozi ya lole ya fodya, iye anayamba kutcheza kachasu kuti mwana wawo mmodzi yekhayo, Ireen, adye ndi kuvala. Ntchitoyo inali ndi malamulo ake. Madontho oyamba kutuluka m'paipi, aja amatchedwa mutu, ankayenera kuwalawa kuti adziwe ngati mowa wagwira. Kenaka aliyense wobwera kudzagula ankamupatsira kapu n'kunena kuti, "Yambani ndinu eni ake, tione." Kwawoko munthu sankamwa mowa wa mnzake mwini wake asanameze kaye pamaso pa onse, kuopa chiphe. Tsiku la msika kapu imeneyi inkabwerera m'manja mwake kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Sanagulepo botolo ngakhale limodzi. Sanaimbepo nyimbo panjira kapena kugona m'ngalande. N'chifukwa chake ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti iye si womwa.

"Chiwindi sichidziwa kuti uku n'kulawa," anatero dokotala. "Mbali imene yawonongeka siibwerera. Imene yatsala ingakusungeni zaka zambiri, koma pokhapokha mutasiyiratu. Ngakhale dontho, ayi."

Ali chigonere choncho, kunabwera mlamu wake Luwiza, mlongo wa malemu Jonasi, amene anakwatiwa kutsidya kwa malire, kufupi ndi Chipata. Anabwera ndi Ireen, mwanayo atavala nsapato zatsopano. Veronika ataona nsapatozo anadziwa chimene mlamu wake wadzera.

"Alamu, mwanayu ndikumutenga," anatero Luwiza. "Ndamupeza akutsuka mabotolo ndi kukolopa masanzi a anthu oledzera. Mwana wa mlongo wanga sakulira pamenepo."

"Ndikatuluka ndisiya."

"Mukasiya tidzamva. Malire si patali."

Ireen anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Sanalire. Anagwira chala cha amayi ake, n'kufunsa ngati nkhuku yake yoyera ingapite nawo. Luwiza anamuuza kuti nkhuku siiwoloka malire.

Veronika anatuluka m'chipatala n'kukapeza nyumba ili chete. Kampasa ka mwana kanali kotsamiritsidwa kukhoma. Sanakasunthe.

Poyamba anaganiza kuti apitirize kutcheza koma asamalawe. Woyamba kufika anali a Goliati, mkulu wake wa malemu Jonasi, munthu wanthabwala amene velemoti ya kachasu sinkamuchedwera m'manja. Anathira m'kapu n'kumutambasulira dzanja monga mwa masiku onse.

"Adokotala andiletsa, alamu."

"Adokotala amatcheza nawo? Yambani, make Ireen, khosi lauma."

"Sindingathe."

A Goliati anayang'ana m'kapumo, anayang'ana mlamu wawo, n'kuitula pansi. "Ndiye mwathiramo chiyani?"

Sabata isanathe mudzi wonse unali utamva kuti Veronika akuopa mowa wake womwe. Pakhomo panasiya kufika anthu. Ufa utatha m'nyumba, iye anagonja. Tsiku lina la msika analandira kapu, ndipo tsiku lotsatira analandiranso. Pasanathe mwezi anasanza magazi kuseri kwa nyumba, anthu n'kumunyamula pa ngolo kubwerera kuchipatala.

Ulendo wachiwiriwu dokotala sanakokenso mpando. Anangoti, "Mayi, kachitatu simudzafika kuno."

Veronika atabwerako anatenga paipi ndi mgolo n'kukapereka kwa wokhoma zidebe pa msika. Sanauze munthu aliyense.

Miyezi yoyamba inali yowawa. M'mawa manja ankanjenjemera moti kapu ya madzi inkatayika isanafike pakamwa. Thukuta linkatuluka ngakhale kukuzizira, chakudya chinkamunyansa, ndipo mtima unkagunda ngati wathamanga. Amayi oyandikana nawo, pomumvera chisoni, ankamubweretsera kabotolo atakabisa m'chitenje.

"Imwani pang'ono chabe, manja akhazikike. Kusiya mwadzidzidzi n'kumene kukupheni."

Iye ankathokoza n'kuwabwezera. Kunjenjemera kukakula ankapita kuchipatala, kumene ankamupatsa mankhwala ndi kumukumbutsa kuti achepetse mchere.

Chimene chinamuthandiza kwambiri ndi mtedza. Mlimi wina wa m'dera la mfumu Zulu ankafuna anthu osenda mtedza ndi manja, osanyowetsa makoko, chifukwa mtedza wonyowetsedwa umachita nkhungu. Amayi ambiri ankaikana ntchitoyo poti imatupitsa zala. Veronika anaivomera. Anapeza kuti zala zikamathyola makoko sizinjenjemera. Ankasenda kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo malipiro ake ena anapempha kuti akhale mbewu.

Chaka chotsatira anadzala mtedzawo m'munda umene Jonasi anasiya. Thupi silinkalola kulima nthawi yaitali, choncho ankalima mzere umodzi, n'kukhala pansi, n'kudzukanso. Anzake ankamaliza kupalira iye ali pakati. Koma anakolola.

Loweruka lililonse ankapita pa msewu wa ku malire kumene anyamata a njinga ankadutsa ndi matumba a shuga ndi feteleza. Ankawagulitsa mtedza wokazinga, koma chimene ankapitira kwenikweni chinali kufunsa.

"Achimwene, mumadutsa kwa a Luwiza, pafupi ndi chigayo chija? Kuli kamtsikana kakafupi, kamene kamaseka kataphimba pakamwa."

Ambiri ankapukusa mutu. Wina anati anakaona kakutunga madzi. Wina anati kamaimba kwaya. Veronika ankasunga mawu amenewa n'kumawabwereza ali yekha m'munda. Sankadziwa ngati anyamatawo ankanena za mwana wake kapena wa munthu wina.

Atagulitsa mtedza wake woyamba anasoketsa diresi la buluu n'kuwoloka malire. Luwiza anamulandira bwino, koma pomupatsa moni anayandikira kwambiri, ndipo Veronika anazindikira kuti akumununkhiza. Ireen anatuluka m'nyumba atatalika kufika paphewa la amayi ake. Diresi lija linali la mwana amene anachoka, osati amene anaima pamenepo.

"Muli bwanji, amayi?" anatero mwanayo atagwada patali.

"Ndili bwino, mwanangu. Kaya iwe?"

"Nili bwino."

Chilankhulo chake chinali chitatembenuka kukhala cha kutsidyako. Luwiza atamuitana kukhitchini, iye anayankha kuti, "Amama." Veronika anayang'ana pansi.

"Mwasintha, alamu, sindikana," anatero Luwiza powaperekeza. "Koma kusiya mowa chaka chimodzi aliyense amatha. Mwana ali pa sukulu. Musamusokoneze."

Veronika sanakangane naye. Anabwerera ndi diresi lake m'chikwama.

Kenaka kunabwera njala ya 2002. Madeya amene kale ankathira m'mgolo anasanduka chakudya cha anthu. Ena mwa amene ankamwa pakhomo pake sanaione mvula yotsatira, chifukwa matupi awo anali atafooka kale. Veronika anapulumukira mtedza umene anasunga wa mbewu, ndipo chaka chimenecho anathokoza kuti Ireen ali kutsidya kumene ankadya. Kuthokoza kumeneku kunali kowawa, koma kunali koona.

Njala itapita analowa kalabu ya alimi a mtedza. Mtedza wake unkagulidwa msanga chifukwa unali wouma bwino ndi wosankhidwa. Anafolera nyumba ndi malata, anagula mbuzi, anawonjezera chipinda chimodzi ndi kuikamo bedi. M'chipindamo simunkagona munthu. Ankangosesamo.

Mu 2005 abale a Jonasi anagwirizana zomanga chiliza pamanda ake. Anafulula mowa wa masese wambiri, ndipo achibale anabwera kuchokera mbali zonse ziwiri za malire. Luwiza anabwera ndi Ireen, tsopano namwali wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

M'banja limenelo munali mwambo wakuti pa mowa wa chiliza, chipanda choyamba amamwa ndi mkazi wa malemu. Kumwa kwake kunkasonyeza kuti alibe mlandu pa imfa ya mwamuna wake, ndi kuti iye ndi ana ake akadali a pabanjapo. Veronika ankaudziwa mwambowu. Ankadziwanso kuti akakana, achibale akhoza kunena kuti wadzichotsa yekha, ndipo sadzakhalanso ndi pakamwa popempha kuti mwana abwerere.

Anthu atabwera kuchokera kumanda anakhala pansi pa mitengo ya mango, dzuwa lili pamutu. A Goliati, amene tsopano anali wamkulu wa banja, anatunga mowa n'kuyenda nawo mpaka pamene Veronika anakhala. Iwonso maso awo anali atayamba chikasu.

"Make Ireen, lero si za malonda. Uwu ndi wa Jonasi. Ndi masese chabe, phala lenileni. Ngakhale mwana angamwe."

Anthu anaseka. Veronika anagwada, koma manja anawasiya pamiyendo.

"Pepani, alamu. Sindimwa."

"Kungonyowetsa milomo basi. Kale munkatiyambira mutu weniweni osatsinzina n'komwe. Lero masese akuopsani?"

"Kunyowetsa milomo n'kumene kunandigoneka m'chipatala."

Kuseka kunatha. Mayi wina wachikulire anati, "Ndiye kuti pali chimene akudziwa pa imfa ya mwana wathu." Ena anavomereza chapansipansi.

Veronika anakweza mutu. Mawu ake sanakwere.

"Jonasi ndinamukonda, ndipo nonse mukudziwa mmene anafera. Koma ndikamwa lero, mawa ndidzamwanso, ndipo chaka chamawa mudzafulula mowa wina wa ine. Mwana wake anataya kale bambo. Ngati mundichotsa pabanja pano, ndichotseni ndili moyo."

A Goliati anaima chomwecho, chipanda chili m'manja, osadziwa kochipititsa. Ndipo Luwiza anadzuka pamene anakhala. Iye anali wa mpingo woletsa mowa, ndipo sanaumwepo chibadwire.

"Bweretsani kuno, achimwene. Jonasi anali mlongo wanga. Ndiyamba ndine m'malo mwa alamu anga, ndipo amene ali ndi mlandu ndi iwo aunene kwa ine."

Anamwa, nkhope itakwinyika ngati wameza mankhwala a malungo, n'kubweza chipanda.

"Chinthu chonyansa chonchi n'chimene mumafera?" anatero akupukuta pakamwa.

Anthu anaseka ndithu, a Goliati nawonso, ndipo ng'oma zinayamba.

Madzulo alendo akutsanzikana, Veronika anaona Luwiza akumanga katundu wake yekha, wa Ireen osamukhudza. Sanafunse, poopa kumva yankho. Anapita kunyumba kwake n'kuyamba kusankha mtedza m'lichero. Patapita kanthawi anamva mapazi pakhonde. Ireen anali ataima pakhomo ndi chikwama.

"Amama akuti nikhale kuno mpaka sukulu itsegule," anatero. "Akuti za kutsogolo nisankhe neka."

Veronika anatula lichero pang'onopang'ono.

"Nigona kuti, amayi?"

"Lowa, mwanangu. Chipinda chilipo."

Sukulu itatsegulidwa Ireen anapita kukamaliza kutsidya, koma tchuthi chilichonse ankabwera, ndipo atamaliza anabwereratu. Ireen sanasiye kumutchula Luwiza kuti amama, ndipo Veronika sanamuletse.

Sindikuuzani kuti zonse zinabwerera. Veronika sanamuone mwana wake akukula. Sanamuluke tsitsi lopita ku sukulu, ndipo tsiku limene anatha msinkhu anamulangiza ndi ena. Chiwindi chake sichinachire chonse. Ankatopa msanga, ankadya ndiwo zopanda mchere, ndipo nyengo zina mapazi ankatupabe. Mowa umatenga zinthu zimene subweza, ndipo zaka n'zimene umatenga mwakachetechete kwambiri. Amene anataya munthu amadziwa kuti nthawi zina chaka chimodzi chokha chowonjezera chokhala naye chikanakwanira.

Koma zaka zimene zinatsala anazipeza, ndipo anazikhala ndi mwana wake pakhomo.

Mwina inunso mumati simumwa, mumangocheza ndi anzanu, mumangolemekeza mwambo, mumangochotsa kutopa. Thupi lanu silimva zifukwa zimenezo. Ngati maso ayamba chikasu, ngati manja amanjenjemera m'mawa, pitani kuchipatala lero ndipo mukanene zoona. Ngati munasiya n'kugwanso, dzukani musiyenso, pakuti Veronika naye anagwa. Anthu adzakusekani, ena adzakukayikirani, ndipo amene mukumudikira akhoza kuchedwa zaka zambiri. Inu konzani malo ake, ndipo khalani ndi moyo kuti akabwera adzakupezeni. Mtima wanu usafooke.