Zala Zinayi Paphewa la Bambo

Chithunzicho ndikadali nacho. Chimakhala m'Baibulo, Baibulo m'pulasitiki, pulasitikiyo pansi pa matiresi, chifukwa kuno ku Masiphumelele, ku Cape Town, chinyezi chimadya mapepala, ndiponso anthu ake sindiwadziwa mitima. N'chopapatiza ngati tikiti ya basi. Pali bambo anga atakhala pampando, atavala jekete ndi tayi, maso atatsinzina pang'ono ngati munthu amene dzuwa likumuthobwa. Mbali zonse ziwiri zinadulidwa ndi sizasi. Paphewa lawo pali nsonga za zala zinayi. Mwini zalazo palibe.

Wandikumbutsa zonsezi ndi mdzukulu wanga. Lamulungu lapitali anandijambula pafoni ku Fish Hoek tikuchokera kutchalitchi. Kumbuyo kwanga kunaima bambo wina wosesa mumsewu. Ndinati tisunthe kaye. Mdzukuluyo akuti, "Agogo, musavutike, ndimuchotsa." Anatsina galasi la foni ndi zala ziwiri, munthu uja n'kusowa. Ndinafunsa kuti wapita kuti. Mwanayo anaseka mpaka kugwira pamimba. Ine sindinaseke.

Kwathu ku Ntcheu, amalume anga, achimwene awo a mayi, ndiwo anali wojambula zithunzi dera lonselo. Anali ndi njinga, kamera ya m'kachikwama kachikopa, ndi kachipinda kamdima kuseri kwa golosale, konunkha mankhwala owawasa ngati viniga. Anali ndi lamulo limodzi lomwe ngakhale ana tinkalidziwa pamtima. "Chithunzi chimadulidwa ndi mapazi, osati ndi sizasi." Ankasendera kutsogolo, kubwerera m'mbuyo, kunjuta, kuthamangitsa nkhuku, anthu ali chiimire padzuwa thukuta lili kamukamu. Akadina, basi, zatha. Mayi wina anabwera kuti amuchotsere pachithunzi mwamuna amene anamusiya. Amalume anakana. "Munthu akalowa, walowa. Mukanandiuza ndisanadine. Kudula munthu pachithunzi n'kumuitanira tsoka."

Dzinja limene chithunzi cha bambo chinabwera, ndinali mu sitandade 3. Bambo ankagwira ntchito kukhitchini ya hotela kuno ku Cape Town. Anabwera kudzationa nyengo yozizira, n'kubwereranso, ndipo mmene mvula inkayamba mayi anali oyembekezera. Mimba ziwiri zam'mbuyo mwake zinapita padera. Azamba anachenjeza kuti ulendo uno asanyamule ndowa, asadzidzimuke, ndipo kumaliro asapondeko n'komwe, poti woyembekezera saona nkhope ya womwalira.

Makalata onse ankafikira kusukulu. Tsiku lina aphunzitsi anandipatsa envulopu yokhala ndi sitampa ya kuno, nati ndikapereke kwa amalume, poti dzina lolembedwapo linali la amalumewo. M'njira ndinaipapasa. Munali kanthu kolimba, ka makona anayi. M'malo molunjika kugolosale ndinathamangira kunyumba ndikukuwa, "Amayi, abambo atumiza chithunzi!" Cholakwa changa chinali chimenecho, ndipo ndinadzachizindikira ndili kale ndi ana anga.

Mayi anamanga chitenje, tinapita limodzi. Amalume anatsegula envulopu ali chiimire pakhomo, nasuzumiramo. Anati chithunzi chanyowa ndi mvula, akachiumitse kaye. Analowa m'kachipinda kaja n'kukoka chitseko. Tinadikira. Mvula inkadontha kuchokera pamalata kugwera m'chitini, do, do, do. Mkatimo munali zii, kenako ndinamva kawiri phokoso laling'ono, ngati munthu akuwenga zikhadabo.

Atatuluka anapereka chithunzi kwa mayi, n'kuyamba kuwerenga kalata mokweza, popeza mayi sankadziwa kuwerenga. Akuti ndili bwino, ntchito ikuyenda, mudzisamalire. Ine ndinali nditaphunzira kale kuti powerenga maso amayenda. Maso a amalume sankayenda. Anangoima pamalo amodzi papepalapo. Mayi anafunsa chifukwa chake zilembo za paenvulopu zinali zachilendo, poti dzanja la amuna awo ankalizindikira ngakhale osawerenga. "Apsa ndi mafuta kudzanja, achemwali, wawalembera ndi mnzawo."

Mayi anapachika chithunzicho pakhoma, pamwamba pa mphasa yawo. Kuyambira sabata imeneyo mudzi unasintha. Ndikafika pachitsime, amayi ankasiya nkhani pakati. Aphunzitsi, amene ankandikwapula ndikachedwa, anasiya. Tsiku lina anandipatsa pensulo yatsopano popanda chifukwa, n'kundigwira pamutu nthawi yaitali. Azakhali akuchimuna anabwera kudzatipalira m'munda atavala duku lakuda, akuti lina lija alichapa. Aliyense ankatikomera mtima. Mpaka lero munthu akandikomera mtima mwadzidzidzi, ndimayamba ndawerenga ana anga.

Masana ndikatsala ndekha ndinkakwera pamtondo kuti ndichiyang'anitsitse. Bambo sankamwetulira, koma sankamwetulira pazithunzi chikhalire. Tayi inali yopendekeka, pomwe iwo anali munthu waukhondo. Manja anali pamaondo, zikhatho zitayang'ana kumwamba, ngati wina wawaikira. Ndiye zala zija. Ndinkaziwerenga tsiku lililonse, mwina ndinkaopa kuti tsiku lina ndidzapeza zisanu. Ndinafunsa mayi kuti ndi za ndani. Anati, "Za mnzawo. Usamaloze abambo ako ndi chala."

Mwana akamagunda m'mimba, mayi ankatsitsa chithunzicho n'kuchigoneka pamimbapo, amvekere, "Mwamumva? Wanu ameneyu, ukali womwewu." Tsiku lina amalume anawapeza akuchita zimenezo. Nkhope yawo inatuwa ngati phulusa. "Achemwali, musamachiike pamenepo." Mayi anafunsa chifukwa. Amalume anayang'ana ine, anayang'ana kudenga, kenako anati mankhwala a zithunzi ndi oipa pakhungu. Anatuluka osatsanzika, n'kuiwala chipewa.

Chilungamo chake n'chakuti bambo anali atamwalira. Anadwala masiku atatu okha. Mtembo sukanatheka kubwera, ndiye anzawo a kumudzi amene ankagwira nawo ntchito anawaveka jekete, kuwakhazika pampando, n'kuitana wojambula, kuti ife kwathu tidzaone nkhope komaliza monga mwa mwambo. Anachita zaulemu anthu aja. Amalume ndi akuluakulu anagwirizana kuti mayi asamve kufikira atachira. Chithunzi akanangochibisa, koma ine ndinali nditalengeza kale. Munthu amene moyo wake wonse anakana kudula chithunzi anatenga sizasi, n'kupatsa mlongo wake woyembekezera nkhope ya maliro kuti aziiyang'ana m'mawa ndi madzulo.

Mchimwene wanga anabadwa chimanga chikukhwima, wamoyo, wolira mokweza. Mchombo utagwa, akuluakulu anabwera n'kukhala pakhonde, naulula za imfayo. Mayi sanalire msanga. Analowa m'nyumba, anatembenuza chithunzi kuti chiyang'ane kukhoma, kenako ndi pamene tinamva mfuu. Amalume sanawajambulenso mayi mpaka imfa. Mayi ankati akaona kamera ija amamva kuzizira pamimba.

Mdzukulu wanga amati kudula pambuyo n'kwabwino, umajambula zonse, n'kusankha uli phee. Amalume akanati ameneyo ndi ulesi. Ine ndakhala zaka zambiri ndikupukuta mafulemu m'nyumba za mabwana, ndipo ndimati onsewo ndi amodzi. Wodula ndi mapazi amabisa asanadine, ndipo chimene wasiya kunja sudzachionanso. Wodula ndi sizasi amasiya tizidutswa penapake. Ngati n'kunamizidwa, bola andinamize wa sizasi. Manda a bambo ndawafunafuna mumzinda uno osawapeza. Za tsiku lawo lomaliza ndikudziwa zokhazo zimene ndinaona patizidutswa.

Pajatu ndinatiwona, mwana asanabadwe. Tsiku loiwala chipewa lija mayi anandituma kuti ndikapereke. Kugolosale amalume kunalibe, koma kachipinda kanali kosakhoma. Ndinalowa. Pashelefu panali chitini cha masikono, ndipo ine ndinkafuna masikono. Munali tizidutswa tiwiri ta chithunzi. Pa kena panali bambo wamtali, mkono wake utatambasukira kumene kunadulidwako, dzanja lopanda nsonga za zala. Pa kenako panali amuna awiri atavula zipewa, atazigwira pachifuwa, akuyang'ana pansi. Kumbuyo kwawo, chotsamira khoma, panali chibokosi chachitali cha matabwa atsopano, chivundikiro chili pambali.

Ndinabweza tizidutswato m'chitini mmene ndinatipezera. Anthu ochokera ku Joni ankabwera ndi mabokosi odzaza mabulangete, nsapato ndi shuga, koma lalikulu chotero ndinali ndisanalionepo. Ndinaganiza kuti amalume adula dala kuti mayi adzadabwe. Ndinabwerera kunyumba ndikudumpha zithaphwi, chinsinsi chili pakhosi, ndikuwerenga pa zala zinthu zimene bambo adzatibweretsere m'bokosi lalitali ngati munthu.