Atelala ndi Timabokosi Totuwa

Alamu anga anali telala, wa makina opalasa ndi phazi aja, pakhonde la sitolo ya nsapato. Kuumira kwake, ngakhale kaulusi kotsala pasingano ankakasunga m'chitini.

Masiku amenewo kunabwera kampani ya intaneti ya pafoni yomwe inkati mawu werengani ulere, koma zithunzi mulipire. Ukapanda kulipira, pamalo pa chithunzi pankangooneka kabokosi kotuwa. Alamu anakondwa ngati atola chikwama pamsewu.

Mwana wawo wamkazi anakwatiwa kutali, ndipo atabereka ankatumiza zithunzi za khandalo. Alamu ankakankhira magalasi pamphuno, kuyang'anitsitsa kabokosi kaja, n'kulemba kuti, "Wanenepa bwino. Mphuno ndi yanga."

"Alamu, mwaona chiyani pamenepo?" ndinkawafunsa.

"Inu munathawa sukulu, mungadziwe chiyani? Magazi amadziwana."

Ankasokeranso mdzukuluyo timadiresi, muyeso wake wa m'mutu, n'kutumiza pabasi. Mwana wawo akalemba kuti, "Zikomo ababa, onani chithunzi," iwo ankayankha kuti, "Lamukhala!" Zaka zinapita choncho.

Tsiku lina uthenga unabwera wopanda zikomo: "Ababa, kodi zithunzizi mumaziona? Kapena mwana wangayu mulibe naye ntchito?"

Phazi linaima pamakina. Ananyamuka tepi yoyezera ili m'khosi, ulendo kwa mayi wogulitsa mayunitsi pakona kukagula bandulo. Mayiyo anachita kufunsa ngati kunyumba kuli bwino.

Timabokosi tinayamba kutseguka kamodzikamodzi. Khanda lija linali kamtsikana kakataliko ndithu, kataima pafupi ndi chitseko, katakumbatira chidole. Diresi la maluwa ofiira limene alamu anatumiza mwezi wathawo linavalidwa ndi chidolecho.

Ine pakamwa ndinali nditakonza kale kuti ndiseke, koma nditaona magalasi awo achita nkhungu, ndinameza.

Anavula tepi ija n'kuigoneka pagalasi la foni. Anayeza mwanayo, kenako chitseko.

"Chitseko ndi chitseko kulikonse," anatero, akufunafuna sizasi.

Diresi limene anasoka tsiku limenelo linamukwana mwanayo, ndipo chithunzi chake alamu anachionetsa msewu wonse, ngakhale kwa anthu ongofunsa njira.

Kampani ija inatha kalekale. Pakhonde paja pano pali anyamata okonza mafoni, ndipo ndikamadutsa khutu limafunabe kulira kwa makina aja. Koma mphuno, kunena zoona, inalidi yawo. Mwana wosalakwa.