Oimba a M'nyumba Yofiira

Basi ya ku Dennistoun, kuno ku Ulaya, ikamadutsa pa chinyumba chofiira chija, ndimasowa mtendere pampando. Pamwamba pa chitseko pakuonekabe lipenga la galamafoni losemedwa pamwala. Akuti kale ankagulitsiramo mbale za nyimbo, koma lero mukukhala anthu.

Ndili mwana ku Ndirande, amalume anali ndi galamafoni yonunkha girisi. Pa kachitini kosungira masingano ake panali chithunzi cha nyumba yonga imeneyi.

"Amalume, oimbawa ali kuti?"

"M'nyumba umo, ku Ulaya. Ndikapukusa handuloyi amadzuka."

Ndinakhulupirira. Nyimbo ikayamba kukoka, mawu n'kumalemera ngati a munthu wodwala, mtima unkandiwawa.

"Atopa, amalume! Asiyeni agone!"

Iwo ankangoseka n'kupukusanso. Alendo ankavina, ine ndikungozungulira pakhonde, kuopa kuti wina mwa oimbawo afera m'kati mwa nyimbo.

Dzulo poweruka ndinatsika basi n'kukaima pakhomo pa chinyumba chofiira chija, osadziwa chomwe ndikufuna. Pazenera panayanikidwa timalaya ta mwana. Foni inalira m'thumba. Anali akumudzi, ndi vuto linanso.

Ndinayankha ndi mawu okoka aja. Wa m'nyumba ya ku Ulaya tsopano ndine, ndipo palibe kamwana kondinenera kuti ndatopa.