Lumo la Bambo Anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anga anamwalira kwathu ku Utale. Iwo ndiwo ankameta anthu m'mudzi mwathu. Anali ndi lumo lopinda, la chigwiriro chakuda, limene sankalola munthu kulikhudza. Miyezi yonse imene anadwala, lumolo linali chisomekere kutsindwi, ndipo mvula inalipeza komweko. Titalisolola linali lofiira ndi dzimbiri.

Kunatsala masiku atatu kuti timete maliro. Amalume analitembenuza kawiri, n'kuliponya pamphasa.

"Ili latha. Achemwali tidzawameta ndi phale la botolo."

Ndinali nditaonapo mutu wometedwa ndi botolo. Mabala okhaokha. Amayi anali atalira mokwanira. Ndinatola lumolo n'kupita pathanthwe la m'mbali mwa Rivirivi, pamene abambo ankanolera nkhwangwa. Ndinalinola monga tinolera chikwanje, kudzutsa msana n'kukanikiza ndi mphamvu zonse. Dzimbiri linachoka, koma kukamwa kwake kunachita mano ngati sowo.

Che Saidi, telala amene anali mnzawo wa bambo, anandipeza pomwepo akupita kukasamba.

"Mwanangu, ukunola kapena ukupha?"

Ananditengera kwawo. Pansi pa nkhokwe anatulutsa miyala iwiri ya mumtsinje, wotuwa wokhakhala pang'ono ndi wakuda wosalala ngati sopo. Anaithira madzi.

"Lumo silidzuka pamwala. Msana ndi kukamwa zigone limodzi. Usakanikize. Dzanja lingoperekeza."

Anandionetsa kamodzi basi, n'kukakhala pamakina awo. Ankasoka atandipatsa msana, koma khutu linali kwa ine. Mwala ukalira mokhadzula, ankangoti, "Wadzutsa."

Tsiku lonse ndinali pamwala wotuwa mpaka mano aja anatha. Madzi ankada, ndinkathira ena. Zala zinachita makwinya, khosi linauma. M'mawa mwake ndinapita pamwala wakuda, kenako pa lamba wachikopa womangidwa pamzati. Dzuwa lili pamutu ndinati latheka.

"Wameta nalo ndani?"

"Palibe."

"Ndiye ufuna uyesere pamutu pa amako? Iyayi. Yamba wako."

Ndinanyowetsa pamwamba pa khutu n'kukoka. Linazula tsitsi, misozi inalengeza, magazi anatsikira m'khosi. Che Saidi sanaseke. Anang'amba kansanza, anandipukuta okha, n'kundikankhira mwala wakuda uja ndi phazi. Ndinabwerezanso. Dzuwa litapendeka ndinayesa mbali inayo. Tsitsi linagwera paphewa ine osamva kanthu.

Tsiku lometa, azakhali ndiwo anagwira lumo. Amayi anagwada pabwalo atatsinzina, mano ataluma, kudikira ululu. Lumo linayenda kamodzi, kawiri. Ndinaona mapewa awo akutsika pang'onopang'ono. Mutu wonse unatha wopanda dontho la magazi. Amayi sanadziwe chimene ndinachita masiku awiri aja, ndipo sindinawauze mpaka anamwalira.

Ndakalambira ku Balaka ndi lumo m'manja, ndipo palibe anachoka pampando wanga ndi bala. Sindinyadira pachabe. Koma ndikudziwa kuti pathanthwe paja ndinkawakonda amayi anga ndi mtima wonse, ndipo ndi mtima womwewo ndikanawacheka kuposa botolo. Kufunira munthu zabwino sikukwanira. Chimene ukufuna kuika pakhungu la mnzako, chiyambe chadutsa pa lako.