Zigumu Ziwiri za pa Sabata

Ndikukumbukira Lachisanu lina kwathu ku Matandani, ndili pa holide ya Fomu 2. Matipate anali atangoyamba kumene, anthu akuyankhula zakukhosi paliponse, koma shuga atakwera mtengo moti amayi ankamubisa m'chitini pansi pa bedi. Tsiku limenelo anamutulutsa. Mawa lake, pa Sabata, kunkabwera akuchimuna kudzaona pakhomo pa achemwali anga a Esinati, ndipo amayi ankafuna alendowo akasimbe kwawo za chigumu cha pakhomo pathu.

Kwathu pa Sabata sitiphika. Zonse zimatha Lachisanu dzuwa lisanalowe. Amayi popita ku msika wa ku boma anandisiyira ufa wa mgaiwa, nthochi zakupsa, soda ndi shuga uja, kuphatikizapo ana awiri, Dalitso ndi Tiyamike, ang'ono anga, wina wa zaka zisanu, wina wa zaka zinayi.

Tinagwira ntchito bwino ndithu. Anawo anafinya nthochi ndi timanja tawo, kwinaku akunyambita zala. Ndinapaka mafuta mumpoto, kuthira zosakanizazo, kuvundikira ndi lata, makala pansi, makala pamwamba. Fungo linafika mpaka kukhola. Podikira, anawo anakatapa dongo kudambo nayamba kuumba ng'ombe za nyanga zopindika. Nditaona dongo lija, maganizo anandifikira.

Tinali ndi amalume athu a Fasitoni, amene ankadziwa kabati yathu kuposa mphemvu. Chilichonse chophikiratu cha pa Sabata chinkapezeka chitabenthulidwa m'mphepete, iwo n'kumanamizira makoswe. Ndiye ndinaumba dongo mumpoto womwewo, ndi timiyala ta kudambo momwemo, n'kuliumitsa pamoto. Kenako ndinalimata ndi zotsalira za m'beseni, n'kuliwotchanso. Chinatuluka chofiirira, chong'aluka pamwamba, chokongola kuposa chenicheni. Chadongo ndinachiika m'kabati, chenicheni ndinachibisa m'dengu kuchipinda.

Cholakwa changa chinali kupita kukatunga madzi. Pobwerera ndinapeza amayi afika, ndipo Tiyamike, pofuna kuyamikiridwa, anali atawaonetsa zonse ziwiri. Amayi anaziika pamodzi m'kabati, kukhoma, kiyi n'kumangirira pansonga ya chitenje.

"Ufa womwe uja mpaka ziwiri? Sukulu ikukuthandiza mwana iwe," anatero amayi.

Dzuwa linali likulowa. Ndikanaulula pomwepo, koma kuyamikiridwa ndi amayi kunali kosowa ngati shuga yemweyo. Ndinangoti zikomo.

Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Ndinkangoyang'ana kansonga ka chitenje kaja. Masana alendo anafika, atatu: amalume ake a mnyamatayo, azakhali ake, ndi mnyamatayo atavala jekete yobwereka. Amalume a Fasitoni, monga nkhoswe yathu, anakhala nawo pabalaza. Achemwali anali kukhitchini, akupukuta makapu omwe anali atapukuta kale. Apo m'pamene ndinazindikira kuti zikavuta, wolira sindine. Mudzi wonse ukanamva kuti kwa a Esinati amadyetsa alendo dothi.

Amayi anatsegula kabati, natenga chimodzi osasankha. Ndinasuzumira pazenera. Azakhali aja anatenga mpeni. Dalitso anandikoka siketi.

"Achemwali, kodi chimenecho ndi chathu cha..."

Ndinamutseka pakamwa mpaka anandiluma. Mpeni unalowa. Unatsika bwinobwino mpaka pambale, fungo la nthochi n'kutuluka. Apo ndinamusiya Dalitso.

"Chigumu ichi wapanga ndani?" anafunsa azakhaliwo.

"Ana a pakhomo pompano," anayankha amayi monyadira.

Ndinkaona ngati ndapulumuka. Koma alendo atatsanzika, amayi anatulutsa chachiwiri chija, nachikulunga m'nsalu yoyera. "Ichi mukagawireko otsala kunyumba. Chalemera bwino, eti, mwanayu sanaumire ufa."

Mlendo sanyamula yekha katundu pochoka pakhomo. Amalume a Fasitoni anachilandira ndi manja awiri, nawaperekeza kulowera kumtsinje, iwo ali pambuyo penipeni. Ndinaima pachulu mpaka anabisika m'mitengo. Ndithamange? Ndikanene chiyani? Ndinaganiza za agogo ena opanda mano akupatsidwa nthuli kumeneko, ndi za achemwali amene panthawiyo ankaimba nyimbo kukhitchini.

Panapita nthawi yaitali. Kenako amalume anatulukira okha, akuyenda msanga, dzanja lili pakamwa, nsalu yoyera ili paphewa.

"Alendo mwawasiya bwino, achimwene?" anafunsa amayi.

"Bwino. Koma chigumu chija chagwera mumtsinje. Ndinaterereka pamwala. Ndawapepesa."

"Nanga pakamwapo?"

"Mwala womwewo."

Atachotsa dzanja, dzino lakutsogolo linali litatsala theka. Buluku lawo linali louma, nsapato zoyera. Anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ana. Akananena kuti ndinaumba dothi, akanafotokozanso chimene mano awo ankafuna pa mphatso ya alendo.

"Pepani amalume," ndinatero nditagwada. "Miyala ya kwathu kuno njolimba."

Ukwati unachitika chaka chotsatira. Makoswe a m'kabati yathu anasiyiratu kubenthula zinthu.

Masiku ano keke ya chinkhoswe amaitanitsa pafoni kuchokera ku Blantyre, imabwera pa minibasi ili m'katoni, ndipo ana anga sadziwa kumene dongo limatapidwa. Ndikawaphikira chigumu amafunsa kuti kirimu ali kuti. Amalume akalamba tsopano, mano ambiri anapita, koma theka lija lidakalipo. Chaka chatha ndinawatengera chigumu chotentha. Asanalume, anayamba achigogoda ndi chala, khutu lili pafupi. Ena amati ndikanayenera kuwapepesa za dongo lija. Ndipepese chiyani, poti iwo anati unali mwala wa kumtsinje?