Giza ya ku Deira ndi Ulendo wa Che Saidi

Che Saidi ndimawakumbukira ndi fungo la lubani. Akaweruka ku ntchito ankayatsa kachidutswa kake m'kambale kadothi, ndipo utsi unkatulukira pansi pa chitseko chawo n'kumayenda pang'onopang'ono m'kholido, kusakanikirana ndi fungo la anyezi amene mayi ankakazinga komanso la tsabola ndi mandimu ouma lochokera m'mashopu a pansi pa nyumba yathu, mpaka kundipeza pamene ndinkakhala ndi mabuku a kusukulu, zikope zikulemera. Kunja kunkamveka mawilibala a onyamula katundu, mahutala a magalimoto, ndi mawu a ku mzikiti oitanira anthu kukaswali, ndipo zonsezo zinkandifika ngati zikuchokera pansi pa madzi.

Tinkakhala ku Deira, dera la mzinda waukulu wa m'dziko la Aluya, m'fulati ya zipinda zitatu, khitchini imodzi ndi bafa limodzi. Chipinda chachikulu chinali chathu, ine Tadala ndi mayi ndi bambo, amene ankagwira ntchito ku hotela. Chachiwiri munali a Banda ndi akazi awo, ochokera ku Chipata. Chaching'ono cha kumapeto ndicho chinali cha Che Saidi, mkulu wa ndevu zoyera wa ku Makanjira, amene anakalambira pa chiwongolero akuyendetsa banja lina la Aluya ku Jumeirah. Sanali mbale wathu, ndiponso ife tinali a tchalitchi iwo ali a mzikiti, koma ine ndinkawaitana agogo ndipo iwo ankayankha.

Ndiwo anandiphunzitsa chinsinsi cha mipopi ya m'bafa. Nyengo yotentha, madzi a m'thanki ya padenga ankawira ndi dzuwa, moti mpopi wa madzi ozizira unkawotcha. Giza, thanki yotenthetsera madzi osamba, ankaizimitsa, ndipo madzi ogona m'menemo, mumthunzi wa siling'i, ndiwo ankakhala ozizirira. “Dziko lino n'logadabuzika, mdzukulu,” ankatero. “Ukafuna kuzizidwa, tsegula wofiira.” Ine giza ndinali ndisanaionepo. Ndinkangoimva ikudodoma pamwamba pa siling'i nyengo yozizira ikafika, ndipo ndinkaiganizira ngati chinyama chachikulu chofatsa chimene chimagona chaka chonse n'kudzuka mu Disembala kuti chitifunditse.

Anthu akumudzi sakhulupirira kuti kuno kumazizira. Koma mu Januwale mphepo youma ya m'chipululu imalowa m'mazenera, matailosi amaluma kumapazi, milomo imang'ambika, ndipo nyumba zomangidwa kuti zithawe dzuwa zilibe poothera. Mwezi umenewo ndi umene mlongo wanga Yamikani anabadwa, wochepa thupi, wofulumira kubwera. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu.

Tsiku lina masana, mayi akuchapa matewera, siling'i ya m'bafa inayamba kudontha madzi ofiirira ngati tiyi, kenako bolodi lina linafufuma n'kugwera m'sinki. Pulambala amene anabwera, bambo wa ku Pakistan, analowetsa mutu wake m'bowomo n'kutsika akupukusa mutu. Anati dzimbiri ladya thanki yonse, mapaipi atsekeka ndi mchenga ndi mchere, ndipo palibe chokonza, pafunika giza ina ndi mabolodi ena. Mtengo umene anatchula unachititsa mayi kukhala pansi pa chidebe. Woyang'anira nyumbayo, bambo atamuimbira, anati zimenezo ndi za okhalamo. A Banda anati iwo amasamba ku ntchito, ndipo sangalipirire madzi amene sawagwiritsa ntchito. Bambo anali atangomaliza kulipira ku chipatala, m'thumba munalibe kanthu.

Tinayamba moyo wa ketulo. Mayi ankawiritsa madzi kambirimbiri, kuwathira m'beseni, koma akamamuvula mwana madziwo amakhala atazizira kale, ndipo Yamikani ankalira mpaka kusasa mawu. Kenako anayamba kutsokomola. Chifuwa cha khanda chimamveka ngati pepala likung'ambika pang'onopang'ono, ndipo m'fulati ya zipupa zopyapyala aliyense ankachimva.

Lachisanu, atabwera ku mzikiti, Che Saidi anapempha mayi kuti anditenge ndikawaperekeze. Tinatsikira ku mtsinje wa mchere wogawa mzinda pakati, n'kukwera abra, kabwato kamatabwa kowolotsa anthu. Ulendo umenewo ndimaukumbukira ngati maloto. Injini inkagunda pansi pa mapazi athu, mbalame zoyera zinkazungulira pamwamba zikulira, zombo zakale zodzaza makatoni ndi matayala zinali ndii m'mbali, ndipo dzuwa la masana linkanyezimira pamadzi mpaka maso kuchita misozi. Iwo anandigwira paphewa ndi dzanja lawo lokhakhala n'kundiuza za mlongo wawo wamkulu, amene anawalera makolo atamwalira, amene ankawasambitsa m'mawa wa mu Juni ndi madzi otenthetsa mu mtsuko wosweka kukamwa. Anati mlongo wawoyo wakalamba, miyendo yatupa, ndipo mwezi wotsatira, inshallah, akwera ndege kukamuona. Zimenezo aliyense m'fulati ankazidziwa, chifukwa ankazinena chaka chonse.

Kutsidya tinalowa m'tinjira topapatiza mpaka pa shopu yodzaza magiza akale, ataunjikidwa ngati mawungu oyera. Che Saidi sanafulumire. Anamwa tiyi wa mkaka amene mwini shopu anawapatsa, anagogoda thanki iliyonse ndi chala n'kutchera khutu, ananenerera m'Chiluya chosakaniza ndi mawu a Amwenye, ananyamuka ngati akuchoka, n'kubwereranso. Ine ndinagona pa katoni. Nditadzuka, ndinawaona akumasula lamba wa nsalu amene ankamanga m'chiuno mkati mwa mkanjo, akutulutsamo ndalama.

Mawa lake pulambala anabweranso, anaika giza, anasintha mapaipi n'kukhoma mabolodi atsopano, ndipo nayenso anamulipira ndi Che Saidi. Bambo atafuna kulankhula, iwo anangokweza dzanja n'kunena kuti nawonso amasamba m'bafa lomwelo, khalas, nkhani yatha. Madzulo ake mayi anatseka chitseko cha bafa, anatsegula mpopi mpaka nthunzi inadzaza ngati nkhungu ya m'mapiri, n'kukhala m'menemo ndi mwana pachifuwa. Ine ndinali pambali pawo, galasi litachita mbuu, tsitsi langa litanyowa. Yamikani anasiya kulira. Anatambasula timiyendo m'beseni n'kumayang'ana m'mwamba ngati akumvetsera nyimbo. Nditatuluka ndinapeza Che Saidi ataima m'kholido, mutu ataupendeketsa, akumvetsera kukhavuka kwa madzi.

Chifuwa chija chinatha. Mwezi wotsatira unafika, koma Che Saidi sananyamuke. Mayi atawafunsa, anati mtengo wa tikiti wakwera pang'ono, adikira malipiro ena awiri. Anatero akumwetulira, akusenda lalanje.

Foni inabwera asanalandire malipiro achiwiriwo. Linali Lamlungu masana, ife titangobwera ku tchalitchi. Ndinawapeza atakhala pansi m'kholido, msana ku chipupa, foni ili m'manja, akuyang'ana zala za kumapazi. Mlongo wawo anali atamwalira m'mawa, ndipo mwa mwambo wa Chisilamu anali atayikidwa kale.

Mayi, amene anali atazindikira kale kumene ndalama ya giza inachokera, anagwada patali pang'ono ndi iwo, mwana ali kumbuyo, n'kuyamba kulira. Anati ndife tawachedwetsa, ndife tawamana kutsanzikana ndi mlongo wawo. Che Saidi anati:

“Mayi a Tadala, musadzisenzetse zimenezo. Akanamva kuti ndasiya khanda likutsokomola n'kukwera ndege, akanandibweza pakhomo. Ndimamudziwa.”

Anatambasula manja kuti awapatse Yamikani, ndipo anamunyamula mpaka dzuwa kupendeka, misozi ikutsikira m'ndevu, osaipukuta.

Anapita kwawo nyengo yotentha itayamba, ndipo sanabwererenso. Ankaimba foni mwa apo ndi apo, kufunsa ngati mnyamata wayamba kuyenda, kenako ngati wayamba sukulu, mpaka chaka china amene anaimba anali mphwawo, kutiuza kuti atisiya.

Lero ndimakhala ku Sports City, dera lina la mzinda womwewu, m'fulati yangayanga. Chinthu chikawonongeka ndimalemba uthenga pa foni, pulambala amabwera atavala yunifomu, amatchula mtengo, ine ndimalipira. Koma sindinazolowerebe kumva mtengo wa chinthu popanda kudzifunsa kuti wina wasiya chiyani kuti chitheke.

Yamikani anakula osadziwa nkhaniyi. Ndinamuuza chaka chatha, ali pafupi kupita ku Malawi kukaona abale a mayi. Anangofunsa dzina la mudzi. Patapita masabata angapo anandiimbira ali ku Makanjira. Anati mphwawo wa Che Saidi wamulondolera ku manda, ndipo wapeza kuti awiriwo, mlongo ndi mlongo, anawagoneka moyandikana pansi pa mtengo umodzi. Anati anabwereka khasu n'kulambula manda onse awiri, chifukwa sanathe kusankha kuti ayambe kuthokoza ndani.